Akuti Chiberekero Chichoke

Lolemba, 3 Juni

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi la nambala seveni, pakati penipeni, kutali ndi zenera, kutali ndi khomo. Kope ili ndi lomwe ndimalembamo maulendo a basi. Masamba akumbuyo anali opanda kanthu, ndiye ndati ndizilembamo zimene madokotala akunena, chifukwa amalankhula mothamanga ngati akuthawa mvula.

Ndine dalaivala wa basi, zaka 44. M'mawa uno nditamaliza ulendo woyamba ndinaimika basi pa depoti. Poimirira ndinapeza mpando wonse uli chonyowa ndi magazi, mpaka atsikira pansi pa mapedulo. Kondakitala wanga, bambo wachikulire waulemu wake, anavula jekete n'kundimanga m'chiuno. Sitepe yoyamba ndinaiponda. Yachiwiri sindikuikumbukira.

Magazi anga ali pa 5.8. Anesi akuti munthu wamkazi amayenera kukhala pa 12. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mumayendetsa basi ndi magazi amenewa? Muli anthu m'katimo?"

Diripi kudzanja lamanzere. Jakisoni woletsa kutaya magazi, katatu pa tsiku.

Lachiwiri, 4 Juni

Andijambula m'mimba. Kenako kunabwera adokotala, mayi wamfupi wa magalasi. Atangotsegula buku langa lakuchipatala anati, "Ife tinaonana kale." Zoona. Zaka zitatu zapitazo anandipatsa tsiku la opareshoni, ine osabwera. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, koma anangokoka mpando n'kukhala.

Anajambula chiberekero papepala, n'kuikamo timipira. Zimenezo ndiye zotupa. Kale zinali zinayi, pano zowerengeka ndi zisanu ndi zinayi, ndipo chachikulu chikukanikiza chikhodzodzo. N'chifukwa chake ndimafuna kukodza pa siteji iliyonse. Akuti zotupa zamtunduwu si khansa, ndipo amayi ambiri ali nazo osadziwa, zosawavuta. Zanga ndi zomwe zikundimaliza magazi. Chiberekero chakula ngati cha mayi wa mimba ya miyezi isanu ndi umodzi.

Ndinafunsa ngati sangachotse zotupa zokha. Anati kwa ena amatero, makamaka zikakhala zochepa. Zanga zachuluka, zina zalowa m'kati mwa mnofu, ndipo pozisema ndikhoza kutaya magazi omwe ndilibe. Mapiritsi tinayesa, jakisoni tinayesa. Chatsala n'kuchotsa chiberekero chonse.

Asiya fomu pa kabati. "Simusaina lero. Ndi magazi amenewa sitingakuchiteni kanthu, afike kaye pa 10. Muli ndi masiku oganiza."

Mwana ndilibe. Mimba ziwiri zinapita padera, yomaliza zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Adokotala akudziwa, zili m'bukumo.

Lachitatu, 5 Juni

Amayi anga afika kudzandidikirira, ndi chikwama, beseni ndi fulasiki. Anaona fomu ija, n'kuitembenuza chafufumimba, n'kuikapo kapu pamwamba.

Anzanga a m'mabedi ndayamba kuwadziwa. Kumanja kuli mayi wa zaka zoposa 60 amene wodi yonse imawatcha a Wailesi, chifukwa satseka pakamwa kuyambira tiyi wam'mawa. Anabereka ana asanu ndi anayi, ndipo chiberekero chawo chinatsika mpaka chimatulukira kunja akayenda. Iwo akuchita kulakalaka opareshoni. "Chagwira ntchito yake, chipume! Ine ndikufuna ndiziyenda ngati munthu, osati ngati bakha."

Kumanzere kuli aphunzitsi a sekondale, owonda, aukhondo, amawerenga buku tsiku lonse. Awo ndi khansa ya khomo la chiberekero. Akudikira zotsatira kuti adziwe ngati awachita opareshoni.

Pafupi ndi zenera pali mtsikana wa zaka 23. Anabereka mwana wake woyamba sabata yatha, magazi anakana kusiya, ndipo anamuchotsa chiberekero ali chikomokere kuti apulumuke. Anadzuka zitachitika kale. Khanda lili bwino, amabwera nalo kuti liyamwe. Iye salankhula ndi munthu, amangoyang'ana khoma.

Tonse anayi nkhani ndi chiwalo chimodzi, koma aliyense anabwera ndi msewu wake.

Lachinayi, 6 Juni

Thumba loyamba la magazi. Linayamba 10 koloko, latha cha m'ma 2. Bipi amayeza pafupipafupi. Maola anayi ndili chagada, dzanja osalipinda, kuwerenga madontho. Ine amene ndimadutsa tauni yonse kasanu ndi kamodzi pa tsiku, lero ulendo wanga wautali unali wopita kuchimbudzi, Amayi atanyamula chitsulo cha diripi pambuyo.

Kubafa ndi komwe anayambira nkhani.

"Usasaine, mwana wanga. Magazi akupatsa, upeza bwino, tizipita kwathu."

"Amayi, mwezi wamawa ndidzatayanso."

"Nanga akachotsa, kwa amuna akoko udzakhala ndani? Panopa anthu amati mwina chaka chino. Akachotsa adzati chiyani?"

Ndinati zaka 44 si za mwina. Anati mnzawo wina anabereka ali ndi zaka 46. Mnzawo ameneyo ndamumva kwa zaka khumi, sindinamuonepo.

Lachisanu, 7 Juni

Magazi 6.9. Thumba lachiwiri lilibe tsiku, akuti a gulu langa ndi ochepa.

Ndinalemba mafunso kuti ndisachite manyazi adokotala akafika. Mayankho awo ndi awa. Adzang'amba pansi pa mchombo, mopingasa. Adzachotsa chiberekero pamodzi ndi khomo lake. Timatumba ta mazira adzatisiya ngati tili bwino, ndiye thupi silidzakalamba mwadzidzidzi, lidzasintha pa nthawi yake ngati mkazi wina aliyense. Kumwezi sindidzapitanso. Mimba sindidzatenganso, zimenezo anazibwereza kawiri, akundiyang'ana m'maso. Zoopsa zilipo: kutaya magazi, bala kulowa matenda, chikhodzodzo kuvulala, magazi kuundana m'miyendo. Akuti si kawirikawiri, koma ndiyenera kudziwa. Basi ndidzayendetsanso pakatha masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu.

Funso lomaliza ndinalilumpha, manyazi atandigwirabe. A Wailesi ndi amene anakuwa ali pabedi pawo: "Adokotala, akufuna kufunsa za kuchipinda! Akuti munthu amazizira, abambo n'kuthawa. N'zoona?"

Wodi yonse inaseka, ndi Amayi omwe anabisa nkhope. Adokotala anati, "Njira ya abambo sitiikhudza, imakhalapo. Bala likapola, pakatha masabata asanu ndi limodzi, zonse zimayenda. Ambiri amati zimakhala bwino kuposa kale, chifukwa ululu ndi magazi zatha. Ukazi sukhala m'chiberekero, mayi."

A Wailesi anati, "Mwamva? Ine abambo anamwalira, koma ndafunsirako mtundu wonse."

Loweruka, 8 Juni

Abambo akunyumba abwera masana, atanyamula malalanje ndi chiwindi chokazinga. Amawotcherera zitsulo, ndipo anabwera ndi ovolosi yakuntchito, manja akuda. Anabwera ndi achemwali awo aakulu, alamu anga.

Alamu anakhala pa bedi, n'kundigwira dzanja mokoma, n'kunena kuti, "Mlamu, musathamangire mpeni. Achimwene athuwa ndi mwamuna yekha m'banja mwathu. Mukatseka khomo limeneli, ife monga abale tidzayenera kukhala pansi." Kukhala pansiko ndikukudziwa. Kuli mayi wina amene akhala akumutchula kuyambira chaka chatha, woti awaberekere achimwene awo.

Abambo anangoyang'ana nsapato zawo, akusenda lalanje. Analisenda lonse, n'kuyamba lina. Belu lotulutsa alendo litalira anaimirira msanga ngati wawomboledwa.

Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi tili limodzi. Mawu amodzi okha akanakwana.

Lamulungu, 9 Juni

Ndayambanso kutaya. Mapadi asanu ndi limodzi masana asanafike. Magazi a munthu wina alowa Lachinayi, akutuluka Lamulungu.

Mazenera a wodi ino ali ndi zitsulo. Ndikaimirira pafupi ndi sinki ndimaona denga la mabasi akudutsa kuseri kwa mpanda, madenga okha. Ndimadziwa ndi kulira kwa injini kuti uyu wachedwa kusintha giya.

Kunyumba sindingapite, ndikagwa. Opareshoni sangachite, magazi ndi ochepa. Kusaina ndikuopa, kusasaina ndikuopanso.

Lolemba, 10 Juni

Thumba lachiwiri. Lili m'kati, madokotala atatu anabwera kwa aphunzitsi n'kukoka makatani. Katani si khoma, tonse tinamva. Khansa yafalikira kunja kwa chiberekero, opareshoni singathandizenso. Awatumiza kuchipatala china kukawotcha ndi makina ndi kulandira mankhwala a m'diripi.

Atachoka, aphunzitsi anatsegula okha katani, n'kukhala akupinda zovala zawo bwinobwino. Kenako anati, "A dalaivala, fomu yanu ija ili pati?"

Ndinaloza pansi pa kapu.

"Ine ndinayamba kuona timagazi zaka ziwiri zapitazo. Ndinati ndimalize kaye teremu. Kenako ndinati ana alembe kaye mayeso. Pakadafunda padajiwitsa galu. Lero ndawapempha ndekha kuti chotsani, chotsani zonse, akuti nthawi yake inadutsa." Anaika bulauzi m'chikwama. "Matenda anu si anga, ndipo sindikukuuzani chochita. Ndikungoti pepala limenelo ine ndikanalipeza, ndikanasaina ndi manja awiri."

Amayi anali pomwepo, akupukuta supuni. Anaipukuta nthawi yaitali.

Lachiwiri, 11 Juni

Aphunzitsi apita m'mawa. Bedi lawo alipukuta ndi mankhwala, pofika masana munali kale munthu wina.

Abambo anabwera okha. Ndinawapempha Amayi kuti akatenge madzi otentha, ndipo ndinafunsa mosazungulira. "Inu mukuti bwanji? Loweruka munangokhala duu."

Anakhala m'mbali mwa bedi, n'kugwira chofunda changa. Kenako anati, "Zofunda zija ndimachapa ndine, m'mamawa, anthu asanadzuke. Zaka zitatu. Matiresi ndasintha kawiri. Tsiku lililonse ukapita kuntchito ndimangodikira foni yoti wagwera pa chiwongolero." Sanditchula iwe kawirikawiri. "Mwana ndinkamufuna, sindikunamiza. Mpaka pano ndikaona anzanga ndi ana awo, chimandipweteka. Koma ndatopa kuchapa magazi ako ndikuopa kuti tsiku lina ndidzachapa omaliza."

Ndinafunsa za achemwali awo. Anati, "Amenewo ndi ovuta, ukuwadziwa. Pamaso pawo lilime langa limauma." Sanalonjeze kanthu. Mwina n'bwino, malonjezo a m'chipatala amatha ndi fungo la mankhwala.

Ndasaina 3 koloko, anesi akuonerera. Ndinalira pambuyo pake, kuchimbudzi, nditatsegula mpopi.

Amayi sanandilankhule mpaka madzulo. Phala anandipatsa osandiyang'ana.

Lachinayi, 13 Juni

Dzulo thumba lachitatu. Abambo ndi kondakitala wanga anakapereka magazi kuti abwezeretse amene ndalandira. Lero ndili pa 9.6, adokotala akuti n'zokwanira. Andilemba mawa, ine wachiwiri, a Wailesi oyamba. Kuyambira pakati pa usiku osadya, osamwa.

Lachisanu, 14 Juni

Anativeka magauni obiriwira otseguka kumbuyo 7 koloko. A Wailesi anawatenga 9. Ine ndinadikira pa bedi, kukhosi kuli gwa. 11 koloko, 1 koloko, 3 koloko. Kenako anesi anabwera kudzati kwabwera amayi awiri ovutika pobereka, chipinda cha opareshoni chatanganidwa, ine mpaka Lolemba.

Sindingakwiyire mayi amene akufa ndi mwana m'mimba. Komabe ndinakwiya, osadziwa kuti ndikwiyire ndani. Ndinavula gauni n'kuiponya pansi.

Amayi anaitola, n'kuipinda. "Mwina ndi chizindikiro," anatero chapansipansi. Ndinati, "Amayi, chonde." Anasiya.

A Wailesi abwera ali mtulo, pakamwa pali yasa. Wodi yazizira ngati mwatuluka anthu khumi.

Loweruka, 15 Juni

Tsiku la khumi ndi chitatu. Matailosi a kudenga pamwamba panga ndi 48, limodzi ndi losweka. Tiyi 6 koloko, mankhwala 8, kukolopa 9, alendo 12. Ndimadziwa nesi amene akubwera pongomva nsapato.

Mtsikana wa pazenera watuluka lero. Podutsa pa bedi langa anaima, khanda lili pachifuwa, n'kulankhula koyamba. "Inu anakufunsani?" Ndinati eya. Anati, "Ine sanandifunse. Ndikudziwa kuti ndikanafa. Koma sanandifunse." Ndinangogwira kaphazi ka mwanayo, kofunda ngati buledi.

Lamulungu, 16 Juni

A Wailesi ayambanso kuulutsa. Akuti, "Usaope, mwanawe. Umangowerenga wani, thu, kenako ukumva wina akukumenya mbama kuti dzukani, agogo." Iwo anawachotsera kunjira ya kumunsi, alibe bala pamimba. Ine sizitheka, changa n'chachikulu.

Osadyanso kuyambira pakati pa usiku. Ndasamba, ndadula zikhadabo, mphete ndapereka kwa Amayi.

Lachiwiri, 18 Juni

Zinachitika dzulo. Maola awiri ndi theka.

Paipi ya mkodzo. Diripi. Kutsokomola ndi chilango.

Timatumba ta mazira asiya tonse tiwiri.

Lachitatu, 19 Juni

Paipi achotsa. Anesi akuti ndiyende, magazi angaundane m'miyendo. Ndinati sindingathe. Anati, "Aliyense amatero. Dzukani." Amayi anandigwira m'khwapa, ine nditapindika ngati mbedza, pilo nditakanikiza pamimba. Masitepe khumi ndi awiri kukafika pa sinki. "Phazi linalo," Amayi ankatero. "Linanso. Ndinakuphunzitsa kale zimenezi, unali wamakani chomwechi."

Adokotala anabwera ndi chithunzi cha chiberekero changa pa foni. Ndinati sindikufuna kuona, koma Amayi anati, "Ine ndione." Anayang'ana nthawi yaitali. Adokotala anati chinalemera makilogalamu awiri ndi theka, ndipo atumiza kachidutswa kokayeza kuti atsimikize kuti mulibe khansa.

Amayi anakhala pansi pang'onopang'ono. "Chimwala chonsechi," anatero. "Ine ndikaona mimba yako ikukula ndinkati mwina muli munthu. Ndinkapemphera kuti ikule."

Madzulo anandisambitsa ndi kansalu, msana wonse, mpaka zala za kumapazi.

Lachinayi, 20 Juni

Ndimayenera kutuluka mawa. Thupi latentha, 38.6. Bala lafiira mbali imodzi, likutuluka timadzi. Achotsa ulusi uwiri kuti litsukidwe, jakisoni wa m'mitsempha masiku atatu. Sindituluka.

A Wailesi apita, ana awo asanu anabwera kudzawatenga ngati akutenga mkwatibwi. Pa anthu amene ndinawapeza muno ndatsala ndekha.

Loweruka, 22 Juni

37.4. Kutsuka bala kawiri pa tsiku, ndimaluma chopukutira.

M'mawa ndinatsegula chikwama kufuna sopo, n'kupeza mapadi amene ndinabwera nawo, paketi ndi theka. Zaka zonsezi sindinayende opanda amenewa, m'chikwama, m'basi, m'thumba la jekete. Timagazi tochepa tikubwerabe, akuti titha pakapita masabata angapo, kenako basi. Ndinaganiza kuti ndisangalala. M'malo mwake ndinakumbukira mayina awiri amene ndinasunga, la mwana wamwamuna ndi la wamkazi, omwe sindinauzepo munthu. Ndawanena ndekha kamodzi, chamumtima. Muno sindiwalemba.

Masana ndinayenda mpaka kumapeto kwa khonde osapumira. Kale masitepe a ku depoti ankandithetsa mpweya, mtima kugunda m'makutu. Lero bala likupweteka, koma mutu suzungulira.

Lolemba, 24 Juni

36.8. Magazi 10.1. Andilembera: mapiritsi owonjezera magazi miyezi itatu, kutsukitsa bala masiku awiri aliwonse, osanyamula ndowa, osayendetsa galimoto, kubweranso pakatha masabata asanu ndi limodzi kudzamva zotsatira. Masiku makumi awiri ndi awiri.

Abambo anapita kukafuna galimoto. Ine ndi Amayi tinakhala pa benchi ya pakhomo la wodi, katundu ali m'miyendo. Ndi pomwe anatulukira alamu, atavala bwino, chikwama m'khwapa. Sanabwereko chichokere Loweruka lija. Anapereka moni kwa Amayi, n'kundiyang'ana pamimba, osati kumaso.

"Ndiye achotsadi?"

Ndinatsegula pakamwa, koma Amayi anandigwira bondo.

"Achotsa matenda," anatero.

"Ayi, ndimati poti nkhani ya ana ija, ife monga abale..."

"Inu monga abale munali kuti pamene ankafuna magazi? Anapereka ndi kondakitala, munthu wapadera." Amayi sanakweze mawu. "Chimene anachotsacho ine ndachiona ndi maso angawa, inu simunachione. Mukafuna kukhala pansi, kakhaleni, mipando ndi yanu. Koma uyu ndinabereka ndine, ndipo ndikutuluka naye wamoyo."

Abambo anali atafika kale, ataima kumbuyo kwa achemwali awo, anamva zonse. Ndinadikira kuti ndione ngati ayang'anenso nsapato. Anayang'anadi, pang'ono. Kenako anadutsa pambali pa achemwali awowo, n'kunyamula beseni ndi chikwama, n'kundipatsa mkono.

"Achemwali, tapatukani," anatero. "Akudutsa odwala."